Ndime 356 ndi mkangano wa Delhi ndi zigawo za India

Dziko la India lili ndi zigawo 28, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo komanso nduna yake yaikulu, koma mphamvu zenizeni zili ku boma lalikulu ku Delhi, likulu la dzikoli. Anazikonza choncho mwadala. Amene analemba malamulo oyendetsera dzikoli, omwe anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, anali atangoona dziko likugawika mu 1947, Pakistan n'kupatuka, anthu ankhaninkhani n'kuphedwa. Panalinso maufumu oposa 500 ofunika kuwalowetsa m'dziko limodzi. Ankaopa kuti chigawo chikakula mphamvu chidzafuna kudziimira pachokha.

Ntchito anazigawa patatu: 97 za boma lalikulu monga asilikali, ndalama ndi njanji, 66 za zigawo monga polisi ndi ulimi, ndi 47 zogwirira limodzi, zomwe pakakhala kusemphana lamulo la Delhi ndilo limatsatidwa. Ngakhale malire si a chigawo. Mu 2014 Telangana inadulidwa ku Andhra Pradesh aphungu a Andhra Pradesh atakana.

Koma pamene pagona mkangano ndi pa Ndime 356 ya malamulo oyendetsera dzikoli. Pulezidenti akakhutira, kawirikawiri potengera lipoti la bwanamkubwa wa chigawo, kuti chigawo sichikuyendetsedwa motsata malamulo, amachotsa boma lake n'kuyamba kuchilamulira kuchokera ku Delhi. Nyumba ziwiri za malamulo za ku Delhi ziyenera kuvomereza pasanathe miyezi iwiri, ndipo ulamulirowo umakhala wa miyezi 6. Akhoza kuuwonjezera, koma osapitirira zaka zitatu. Chovuta n'chakuti bwanamkubwa wolemba lipotiyo sasankhidwa ndi anthu, amaikidwa ndi Delhi yomweyo.

B.R. Ambedkar, yemwe anatsogolera komiti yolemba malamulowo, ankayembekezera kuti ndimeyi izingokhala papepala. Sizinatero. Inayamba ku Punjab mu 1951, ndipo mu 1959 boma la Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, linachotsa boma la chikomyunizimu la Kerala lomwe linali ndi aphungu okwanira. Mu 1977 chipani cha Janata chitalowa m'boma chinathetsa maboma 9 a zigawo a chipani cha Congress tsiku limodzi. Indira Gandhi wa Congress atabwerera m'boma mu 1980 anabwezera, nayenso n'kuthetsa maboma 9. Apa nkhani sinalinso yoteteza dziko, inali yolanga otsutsa.

Zinthu zinasintha mu 1994 pa mlandu wa S.R. Bommai, nduna yaikulu ya Karnataka amene anachotsedwa mu 1989 osapatsidwa mpata wosonyeza kuti aphungu adakali naye. Oweruza 9 a Khothi Lalikulu anagamula kuti aphungu aziwerengedwa povota m'nyumba ya malamulo, osati ku nyumba ya bwanamkubwa. Kuti nyumba ya malamulo ya chigawo isathetsedwe aphungu a ku Delhi asanavomereze. Ndiponso kuti khothi likhoza kubwezeretsa boma lochotsedwa molakwika, monga linachitira ku Arunachal Pradesh mu 2016.

Kuchokera apo ndimeyi siigwiritsidwanso ntchito mwachisawawa ngati kale, ndipo kukokanakokana kwasamukira kwina. Zigawo monga Tamil Nadu, Kerala ndi Punjab zakhala zikusumira abwanamkubwa awo chifukwa chosunga mabilu miyezi yambirimbiri osasaina.