Poona abakha a ku Elephant Marsh, yambani ndi mlomo

Madzi a Shire akayamba kuphwa, kuyambira mu Meyi mpaka Okutobala, abakha akutchire amaunjikana m'mathamanda a ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Nsanje lomwe lidalowa m'kaundula wa Ramsar, wa madambo ofunika pa dziko lonse, mu 2017. Anthu ambiri amalakwitsa powafuna pamadzi akuya. Abakha odyera pamwamba pa madzi nthawi zambiri samira. Amangoviika mutu ndi khosi, mchira n'kuloza kumwamba, uku akusefa njere ndi tizilombo ndi mlomo wawo wophwatalala. Ndiye afuneni m'mphepete mwa bango, pamadzi osafika n'komwe m'mawondo.

Fikani kusanache, dzuwa lizikutulukirani kumsana. Likakhala kumaso, bakha aliyense amaoneka wakuda bii, ndipo ikamakwana 9 koloko kutentha kwa m'chigwa muno kumachititsa mpweya kunjenjemera pamadzi moti ngakhale binoculars yabwino sithandiza. Ya 8x42, yokuza zinthu ka 8, ndi yokwanira. Yokuza kuposa apo imagwedezeka kwambiri m'bwato.

Nthenga zimanyenga, mlomo sunama. Mukaona mlomo wofiira, chipewa chakuda ndi masaya otuwa, ameneyo m'mabuku a mbalame ndi red-billed teal. Mnzake wocheperako, blue-billed teal, amafanana naye zedi, koma mlomo wake ndi wabuluu, pa tsaya pali kachidontho kakuda, ndipo akatambasula phiko pamang'anima pobiriwira. Onsewa akadzidzimuka amangoti nyamu kuchoka pamadzi. Amene amayamba wathamanga pamadzi asanauluke ndi a mtundu womira.

Wokongola koposa ndi pygmy goose, kambalame ka masentimita 30 okha. Katambala kali ndi nkhope yoyera, mlomo wachikasu, chigamba chobiriwira m'mbali mwa mutu, ndi nthiti zofiirira ngati njerwa yootcha. Chakudya chake chachikulu ndi njere za nyika, chomera chomwechi chimene mizu yake imapulumutsa mabanja nthawi ya njala. Kakakhala phee pakati pa masamba a nyika mutha kukadutsa pafupi osakaona, choncho yendetsani maso pang'onopang'ono, tsamba ndi tsamba, kudikira tsamba lina litembenuze mutu. Pothinana namasupuni musatayepo nthawi, chifukwa amaphimba madzi n'kulanda malo a nyika.

Gulu loimba likhweru mwakatatu, la nkhope zoyera ndi makosi aatali, ndi white-faced whistling duck. Limeneli ndi lochenjera, likadzuka limadzutsa dambo lonse, pamodzi ndi atsekwe omwe. Uzani wopalasa aleke nkhafi mukadali patali, bwato liziyenda lokha ndi madzi, ndipo musaimirire.

Wopalasayo akhale msodzi wa komweko, kaya ndi ku Bangula, Chiromo kapena Makhanga, wodziwa mogona mvuu ndi mipita yake. Osalowa m'madzi ndi miyendo ngakhale akuoneka ochepa, osaviika dzanja m'mbali mwa bwato: ng'ona nazonso zimakonda malo omwewa a m'mphepete mwa bango.