Kaloboti koyeretsa pansi sikapha tizilombo ta matenda osanza ndi kutsegula m'mimba

Uthenga uno ukupita makamaka kwa inu abale athu amene mukugwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'malo osamalira okalamba ku Britain ndi ku South Africa, komanso kwa mabanja a kuno kwathu amene agula kapena alandira makina okoka fumbi odziyendetsa okha, aja ozungulira ngati lichero amene ambiri akungowatchula kuti kaloboti. Nyengo yozizira ikafika ku Britain, kuyambira cha mu Novembala mpaka mu Marichi kapena Epulo, matenda osanza ndi kutsegula m'mimba oyamba ndi kachilombo ka norovirus amabuka m'zipatala, m'sukulu ndi m'nyumba za okalamba. Matendawa si achilendo. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mawu amene ndikuwamva kawirikawiri munthu akasanza m'nyumba: "Tapukutapo kale, kwatsalako kaloboti kamaliza." Mawu amenewa ndi olakwika, ndipo ndi okwanira kudwalitsa nyumba yonse m'masiku awiri.

Za kachilomboka ndinene mwachidule. Dzina lake linachokera ku tauni ya Norwalk m'chigawo cha Ohio ku America, kumene ana a sukulu ina ya pulayimale anadwala ambiri nthawi imodzi mu 1968. Kamalowa m'thupi kudzera pakamwa, kuchokera m'chimbudzi kapena m'masanzi a wodwala, ndipo njira zake ndi manja osasamba, chakudya, madzi ndi malo amene anthu amagwiragwira. Zizindikiro zimayamba pakatha maola 12 mpaka 48: nseru, kusanza kwadzidzidzi kochita kuthovoka, kutsegula m'mimba kwamadzimadzi, kupotokola m'mimba, ndipo nthawi zina kutentha thupi ndi kuphwanya. Ambiri amachira pakatha tsiku limodzi mpaka masiku atatu. Pa dziko lonse anthu pafupifupi 685 miliyoni amadwala matendawa chaka chilichonse, ndipo amene amavutika kwambiri ndi ana aang'ono, okalamba ndi anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi ndi chochepa, chifukwa madzi amawathera msanga m'thupi.

Zinthu ziwiri zokha ndi zimene ndikufuna muzisunge pa zonsezi. Choyamba, tizilombo tosakwana 100 ndi tokwanira kudwalitsa munthu, pamene masanzi a kamodzi amakhala ndi mamiliyoni. Chachiwiri, kachilomboka sikafa msanga: kamatha kukhala pansi, pa zitseko ndi m'kapeti kwa masiku ambiri, ngakhale milungu. Choncho malo amene mwapukuta ndi tishu n'kuoneka oyera m'maso amakhala adakali ndi matenda okwanira mudzi wonse.

Tsopano onani zimene kaloboti kamachita. Agogo asanza usiku pafupi ndi bedi, wowasamalira wapukuta ndi mapepala, wathirapo sopo wonunkhira, wakagona. M'mawa nthawi imene kanatcheredwa pa foni ikakwana, kaloboti kamatsika pa chaja yake popanda woyatsa n'kulowa kuchipinda. Matayala ake a labala amaponda pamalo paja. Kabulashi ka m'mbali, kaja kozungulira ngati chokupizira mphepo, kamakokolola zouma zimene zinatsalira m'mizere ya matailosi ndi m'mphepete mwa khoma, bulashi yaikulu ya pansi n'kuzinyamula, ndipo mpweya umene makinawa amatulutsa kumbuyo umaulutsa fumbi la pamalopo. Kakatero sikaima. Kamapita m'khonde, pabalaza pamene mwana amakwawa, kukhitchini, pansi pa tebulo lodyera, chifukwa kanapangidwa kuti kasasiye malo ndi amodzi omwe. Luso limene timakayamikira nalo ndi lomwelo limene limafalitsa matenda. Madzulo munthu amachotsa kabokosi ka zinyalala ndi manja, amagogoda sefa yake pa bini fumbi n'kumubwerera kumaso, amasolola tsitsi lokulungana pa bulashi ndi zala, kenako n'kukatsira tiyi.

Ena amandiyankha kuti kaloboti kawo kali ndi sefa ya HEPA. Sefa imeneyi ndi yabwino, ndipo yeniyeni imagwira 99.97 peresenti ya tinthu ting'onoting'ono ta muyezo wa mamaikuloni 0.3 (maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Kwa munthu wa mphumu kapena amene fumbi ndi ubweya wa ziweto zimamuyetsemulitsa, makinawa ndi othandiza, ndipo sindikuuza aliyense kuti awataye. Koma sefa imagwira zokhazo zimene zadutsa mkati mwake, siipha kanthu, ndipo ilibe mphamvu pa zimene zamata pa matayala ndi pa mabulashi. Ena amati kawo kamakolopanso. Kansalu konyowa kamene kali kunsi kwake kamangokwekwerezedwa ndi madzi ochepa kuchoka chipinda china kupita china, ndipo makampani opanga makinawa amaletsa kuthira Jik kapena klorini m'kathanki kake chifukwa zimawononga mapaipi ndi malabala. Chikolopa chopanda mankhwala chikadutsa pa masanzi chimangowapaka pena paliponse. Ngakhale mitundu yatsopano ya makamera, monga Roomba j7 imene kampani ya iRobot inatulutsa mu 2021 kuti izizemba ndowe za agalu ndi amphaka, imazemba chinthu chimene ikuchiona. Malo opukutidwa kale kamera imawaona ngati pansi pabwinobwino.

Kuti kukoka fumbi sikuchotsa kachilomboka zinadziwika kale, makina odziyendetsa okha asanafike n'komwe m'masitolo. M'zaka za m'ma 1990 ku Britain, amisiri awiri anadwala atachotsa kapeti m'wodi ya chipatala imene munabuka matendawa, patatha masiku oposa 10 kuchokera pamene wodwala womaliza anachira, chonsecho kapetiyo ankaidutsitsa makina okoka fumbi tsiku ndi tsiku. Ngati makina aakulu oyendetsedwa ndi munthu analephera kwa masiku onsewo, musayembekezere kuti kaloboti kachita zodabwitsa m'mawa umodzi.

Choyamba kuchita munthu akasanza kapena akadziipitsira pansi ndi kuzimitsa kaloboti, musanagwire n'komwe chidebe. Kazimitseni pa batani lake, muchotsenso ndandanda ya nthawi pa foni, chifukwa ambiri amaiwala zimenezi n'kudzidzimuka kali kale m'khonde. Ngati foni yoyendetsera ili ndi abwana anu kapena mwana wa agogo amene mukuwasamalira, aimbireni nthawi yomweyo, kapena kanyamuleni mukatsekere m'chipinda china. Ndikudziwa kuti si chapafupi kwa wantchito kuuza mwini nyumba zochita ndi katundu wake wodula, koma fotokozani mwaulemu kuti kakayenda adwala ndi onse, iwo omwe ndi ana awo.

Mukatero tulutsani ana ndi ziweto, tsegulani mawindo, valani magolovesi, ndipo ngati muli ndi masiki ndi epuloni ya pulasitiki valaninso. Vundikirani masanziwo ndi mapepala kuti amwe madzi, muwole pang'onopang'ono osakolopa uku ndi uku, muike m'jumbo, mumange, muikenso m'jumbo ina. Tsukani pamalopo ndi madzi otentha a sopo, kenako muthire madzi a klorini. Yang'anani mphamvu yolembedwa pa botolo. Ngati ndi Jik wa 3.5 peresenti, sakanizani kapu imodzi ya Jik ndi makapu 6 a madzi kuti muthire pamalo penipeni pamene panagwa masanzi kapena chimbudzi, ndipo pokolopa kwina konse ndi kupukuta zogwirira zitseko, mipopi ndi mpando wa chimbudzi sakanizani kapu imodzi ndi makapu 34 a madzi. Musapukute msanga: pakhale ponyowa kwa mphindi zosachepera 5. Musakolope pongoonekera dontho pokha, chifukwa masanzi othovoka amafalikira kutali kuposa pamene maso akuonera, choncho fikani masitepe angapo mbali zonse. Musasakanize Jik ndi viniga, mankhwala otsukira chimbudzi kapena aliwonse okhala ndi amoniya, chifukwa mpweya wotuluka pamenepo umawononga mapapo. Madzi a klorini osakaniza amatha mphamvu, ndiye muzipanga atsopano tsiku lililonse.

Kapeti ndiye wovuta, ndipo nyumba zambiri za ku Britain zili ndi kapeti mpaka kuchipinda chogona. Klorini amamuwaulitsa, choncho mutsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, kenako mudutsitse makina a nthunzi: kutentha kwa madigiri 70 kwa mphindi 5, kapena madigiri 100 kwa mphindi imodzi. Mpaka zimenezi zitachitika, pa kapetiyo pasadutse makina aliwonse okoka fumbi, akulu kapena aang'ono. Zofunda ndi zovala zoipitsidwa musazikutumule. Zichapeni pazokha pa madigiri 60.

Ngati kaloboti kayenda kale musanakaletse, ganizirani kuti paliponse pamene kadutsa pali matenda. Mitundu yambiri imaonetsa mapu a ulendo wake pa foni, ndipo mapuwo akuuzani zipinda zimene muyenera kukolopa ndi klorini. Kenako katulutseni panja kali kozimitsa, mutavala magolovesi ndi masiki. Tayani sefa ndi kansalu kokolopera, chotsani mabulashi ndi kabokosi ka zinyalala muzitsuke ndi sopo, muziviike m'madzi a klorini, muzitsukuluze ndi kuziumitsa bwinobwino. Matayala ndi kunsi kwake pukutani ndi nsalu yofinyidwa, osathira madzi chifukwa muli batire ndi mawaya. Musaiwale chaja yake ndi pansi pozungulira. Kasayendenso mpaka patatha maola 48 kuchokera pamene wodwala womaliza wasiya kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndiponso nyumba itakolopedwa ndi manja.

Mukavula magolovesi sambani m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda kwa masekondi osachepera 20. Sanitaiza amene tinazolowera pa nthawi ya Covid-19 sagwira bwino ntchito pa norovirus, choncho sangalowe m'malo mwa sopo. Wodwala asaphikire ena, ndipo asapite kuntchito kapena kusukulu mpaka patatha maola 48 atachira. Inu ogwira ntchito yolipidwa pa ola, ndikumvetsa kuti kujomba masiku awiri ndi ndalama zimene abale kumudzi akuziyembekezera, koma kulowa m'nyumba ya okalamba muli ndi kachilomboka kungathe kutengetsa moyo wa munthu amene akukudalirani.

Wodwala amwe madzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ngakhale akusanza. Thanzi ORS kapena mapaketi ena a mtundu womwewo ndiwo abwino, ndipo ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Flagyl, Bactrim ndi maantibayotiki ena sapha norovirus, ndiye musataye nthawi kuwafunafuna m'masutikesi. Thamangirani thandizo ngati wodwala sakukodza kapena mkodzo wake ndi wochepa ndi woderapo, ngati akusanza chilichonse chimene wamwa, ngati maso alowa, liwombo la khanda lalowa, agogo ayamba kusokonezeka mutu kapena kuwodzera mosadzuka, kapena ngati m'chimbudzi muli magazi. Ku Britain imbani 111 kuti akulangizeni musanapite kukadzaza pamalo odikirira, ndipo pangozi yeniyeni imbani 999.

Kwa inu a ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa pali chenjezo lina. Kutsegula m'mimba kwamadzi ambiri ooneka ngati otsukira mpunga, makamaka nthawi ya mvula, kungakhale kolera, imene inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi pa mliri wa 2022 mpaka 2023 ndipo inabukanso ku Hammanskraal ku South Africa mu 2023. Kolera imapha m'maola ochepa. Yambani kumwetsa wodwala ORS muli pa ulendo wa kuchipatala, musadikire kuti kuche, ndipo amene watsala pakhomo azimitse kaloboti asanatenge chidebe ndi klorini.