Mapeleti a mfuti ya mpweya: osongoka aja musawathamangire

Pa ntchito yangayi yothana ndi makoswe komanso nkhunda m'makhola ndi mosungira katundu, ndaona kuti munthu akangogula mfuti ya mpweya amathamangira mapeleti (tizipolopolo take) osongoka, ati chosongoka nde chimalowa kwambiri. Kulowa amalowadi, koma vuto lake nlomwelo. Kapeleti kamaboola khoswe nkutulukira mbali inayo mphamvu yambiri kapita nayo, khoswe nkuthawira kuuna ali wovulala, iko nkukaboola malata kapena kunjanja pa simenti. Komanso nsonga ija ikangopendekeka pang'ono popanga kufakitale, kamauluka mokhota basi.

Pafupifupi onse amapangidwa mofanana, ndi mtovu, chiuno chopyapyala, kumbuyo ngati kasiketi kamphako komwe mpweya umakankha. Chosiyana ndi mutu.

A mutu wafulati, ma wadcutter, anapangidwira mpikisano wowombera pepala pa mamita 10 chifukwa amadula kabowo koyera bwino. Koma mkati mwa khola, khoswe ali pafupi, ineyo ndimawakonda kwabasi, amamenya ngati hamala nkusiya mphamvu yonse mthupi momwemo, sapitirira kwambiri. Kungoti mukadutsa mamita 20 kapena 25 mpweya umawabweza, liwiro limatsika msanga ndipo amayamba kumwazika.

Mtunda ukatalika, monga nkhunda ili pamwamba pa denga, tengani a mutu wozungulira. Amenewa amang'amba mpweya bwino, mphepo siwasokoneza kwambiri, nde ngati mukufuna kugula chitini chimodzi chokha gulani chimenechi. A mphako kumutu aja, hollow point, amati amaphwasuka akalowa, zoona, koma amafuna liwiro. Pa mfuti yofooka amangotuluka momwe analowera.

Za kulemera nazo. Pa mfuti ya .177, yomwe bowo la mpope wake ndi mamilimita 4.5, peleti wamba amalemera magireni 8 (pafupifupi theka la galamu) kapena kuposerapo pang'ono, pomwe pa .22, mamilimita 5.5, ndi pakati pa 14 ndi 16. Ya .177 imayenda mowongoka, ya .22 imagwa msanga koma imamenya mwamphamvu. Opepuka kwambiri aja opanda mtovu, omwe amalembedwa liwiro lodabwitsa pa chitini, akayandikira liwiro la phokoso, pafupifupi mamita 343 pa sekondi, amalira ngati chikwapu nkuyamba kuphonya, ndipo mfuti ya sipuling'i imavutika nawo chifukwa pisitoni imamenya ngati mwawombera mulibe kanthu.

Chomwe anthu safuna kumva nchakuti mpope uliwonse uli ndi peleti wake. Mfuti ziwiri za kampani imodzi, ina ikonda mapeleti opangidwa ndi JSB ina a H&N, mwinanso kusiyana kwake kuli pa kukula kwa mutu wa peleti, mamilimita 4.51 ndi 4.52, kakang'ono choncho. Nde musanaloze chamoyo, ikani pepala pa mtunda womwe mumawomberapo, muwombere kasanu mtundu uliwonse muone omwe agwera malo amodzi. Mutu wa khoswe ndi waung'onotu, peleti womwazika amangomuvulaza. Onaninso zomwe zili kuseri kwake, paja khoswe akakhala pamkhate sapheka, kukakhala paipi kapena chiweto dikirani asunthe. Peleti wopindika siketi mutayeni, ndipo musamaike mapeleti mkamwa podikira monga ena amachitira, ndi mtovu umenewo, mukamaliza sambani m'manja.