Ma steroid ndi maufa okulitsa minofu: uthenga kwa achinyamata, makolo ndi makochi

Mnyamata wa zaka 15 akayamba kunyamula zitsulo, kaya ku jimu kaya kuseri kwa nyumba ndi simenti youmitsira m'zitini, sipatenga nthawi kuti wina amunong'oneze: "Aise, pali jakisoni, mwezi umodzi wokha chifuwa chituluka." Jakisoniyo, kapena mapilitsi ake, ndi ma steroid okulitsa minofu. Ndi mankhwala opangidwa motengera testosterone, mahomoni achimuna amene thupi limapanga lokha. Madokotala amapereka mankhwalawa kwa odwala ena, pa mlingo woyezedwa bwino. Ogula mwamseri amamwa mlingo woposa pamenepo kangapo.

Minofu imakuladi, tisaname. Koma thupi la mwana amene akadakula limalipira mtengo wake. Kumapeto kwa mafupa aatali kuli malo ofewa amene fupa limakulira. Mahomoni akachuluka mwadzidzidzi, malowa amatsekeka msanga, ndipo mwana amaima pa msinkhu umene wafikapo. Akatsekeka atsekeka, palibe mankhwala owatsegulanso. Amene amafuna kudzakhala goloboyi wamtali amathera pamenepo.

Thupi likaona testosterone wochokera kunja, limasiya kupanga wake. Machende amafota, umuna umachepa, ndipo anyamata ena amamera mawere ngati atsikana. Ziphuphu zimadzadza kumsana ndi pamapewa. Magazi amathamanga, mtima umakula moipa, ndipo mapilitsi amawononga chiwindi. Kwa atsikana, mawu amanenepa, ndevu zimamera, msambo umasokonekera, ndipo mawuwo nthawi zambiri sabwereranso. Obwerekana jakisoni amapatsirananso HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C.

Izi zinaoneka poyera m'dziko lakale la East Germany, kumene boma linkapatsa achinyamata a masewera mapilitsi a steroid otchedwa Oral-Turinabol, ena akuuzidwa kuti ndi mavitamini. Ambiri anakula ndi matenda a chiwindi, a mtima ndi mavuto a ubereki. Nawonso ana a sukulu osewera rugby ku South Africa akhala akugwidwa ndi ma steroid pa mpikisano wa Craven Week.

Za maufa a m'mabotolo

Apa ndi pamene makolo ambiri amapusitsika, poganiza kuti chinthu chogulitsidwa mu shopu, cholembedwa bwino, sichingavulaze. Ufa wa mapuloteni wotchedwa whey umachokera ku mkaka, ndipo pawokha si steroid. Creatine, ufa wina umene onyamula zitsulo amamwa kuti awonjezere mphamvu, nayenso si steroid. Vuto ndi zimene zimabisika m'botolomo. Akatswiri a mu mzinda wa Cologne ku Germany atayeza mitundu 634 ya zinthu zoterezi zogulidwa m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti pafupifupi 15 mwa 100 iliyonse inali ndi ma steroid amene sanalembedwe pa botolo. Ndiye ganizirani za ufa wopimidwira m'kapepala, wogula pa WhatsApp kwa munthu amene simukumudziwa.

Kulinso ena amene amamwa dexamethasone kuti anenepe. Ameneyu ndi steroid wa mtundu wina, wothandiza pa matenda otupa ndi mphumu. Sakulitsa minofu, amaifooketsa. Chimene chimatupa ndi nkhope ndi mimba.

Wosewera mpira kapena wothamanga adziwenso kuti malamulo a WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pa masewera, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, samva zoti "sindinadziwe". Chopezeka mu mkodzo wako ndi mlandu wako, ndipo chiletso cha ma steroid chimafika zaka zinayi. Ben Johnson wa ku Canada analandidwa mendulo ya golide ya mamita 100 pa masewera a Olympic ku Seoul mu 1988 atapezeka ndi steroid wotchedwa stanozolol.

Chomanga minofu chili kale pa mbale: mazira, usipa, matemba, nyemba, nandolo, soya, mtedza, chambiko. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a mapuloteni. Onjezerani zitsulo pang'onopang'ono, pumitsani thupi, ndipo gonani maola 8 mpaka 10. Pa msinkhu uwu thupi la mnyamata likupanga kale testosterone wambiri, waulere.

Makolo ndi makochi, mukaona mwana wakula thupi mofulumira modabwitsa, wadzadza ziphuphu kumsana, akupsa mtima ndi zazing'ono, kapena mwapeza timabotolo ndi majakisoni m'chikwama, musayambe ndi kukalipa chifukwa adzangobisa. Khalani naye pansi, mumufunse, kenako mupite naye kuchipatala mutanyamula mankhwalawo kuti adokotala awaone. Wosiya ma steroid amatha kufooka ndi kukhumudwa kwambiri kwa miyezi ingapo, choncho asamasiyidwe yekha. Ngati maso achita chikasu, akumva kupweteka pachifuwa, akubanika, kapena wayamba kulankhula zofuna kudzipha, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.