Nthawi yolowera m'matsiriro a mtsinje pa boti la injini

Oyendetsa maboti ambiri akhala akukhulupirira kuti nthawi yabwino yolowera m'matsiriro a mtsinje, pomwe umakumana ndi nyanja yamchere, ndi pamene madzi a m'nyanjayo, omwe amakwera ndi kuphwa tsiku lililonse, adzaziratu. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa madzi akangofika pachimake amayamba kuphwa, ndipo boti likatsakamira pamchenga nthawi imeneyo limatsala pomwepo, litapendekeka, mpaka madzi adzadzazenso patapita maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25. Zikachitika mwezi uli wathunthu kapena utangokhala kumene, pamene madzi amakwera kwambiri, kudikirako kungafike milungu iwiri. Choyenera n'kulowa madzi akadali kukwera, kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti adzaze, kuti boti likakhudza pansi madzi omwewo alinyamule.