Za zigoba za ku Mua ndi mkangano wake

Anthu ambiri amangodziwa kuti ku Mua kuno ku Dedza kuli miyuziyamu ya Chamare, azungu amabwera ndi mabasi kudzajambula, koma mbiri yake ndi yokhotakhota kwabasi. Mishoni ya Mua anaiyamba ansembe a Chikatolika otchedwa ma White Fathers mu 1902, ndipo zaka zoyambirirazo ansembe ndi anthu a gule sankamwerana madzi ai. Cha m'ma 1920 mkangano unafika povuta, ansembe akufuna ana apite ku sukulu ya mishoni, akumudzi akufuna anyamata akalowe ku dambwe, mpaka nkhani zinkakafika kwa aboma achitsamunda. Agule nawonso sanangokhala, anatulutsa zilombo ngati Simoni wa nkhope yofiira uja ndi Maria, zomwe ambiri amati zinkanyogodola azungu ndi chiphunzitso chawo.

Ndiye tangoganizani, mishoni yomweyo lero ndi imene ikusunga zigoba za gule zoposa 400. Amene anatembenuza zinthu ndi bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anafika m'dziko muno mu 1967 ndipo anthu anadzamupatsa dzina loti Chisale. Mu 1976 anayambitsa Kungoni, malo a luso ndi chikhalidwe pa mishonipo, kusonkhanitsa amisiri osema a m'midzi yozungulira, kenako ndi pomwe panadzabwera Chamare, dzina lochokera kwa bambo Champmartin amene anthu lilime linkawavuta kumutchula. Mkatimo muli za Achewa, Angoni ndi Ayao.

Chimene ine chimandisangalatsa ndi mmene zosema za ku Kungoni zinapitira kunja. Zina zili ku Vatican, ndipo tchalitchi chaching'ono cha bungwe la Akatolika la Missio ku Munich, ku Germany, anachikongoletsa ndi manja a anyamata a ku Mua. Izi zinapita mogwirizana, wosema akudziwika, ntchito yake yalipidwa, osati zija zinkangonyamulidwa nthawi ya atsamunda zomwe pano maiko a mu Africa akuvutika kuzipempha m'mamiyuziyamu a ku Ulaya.

Koma zigoba ndi nkhani ina. Alipo akuluakulu amene mpaka lero amadandaula kuti chilombo si chopachika pa khoma kuti wosameta aliyense, mzimayi ngakhale mwana, azingoyang'anitsitsa ngati ali pa msika. Ena amayankha kuti zikadapanda kusungidwa bwenzi zambiri zitadyedwa ndi chiswe kapena kugulitsidwa kwa ma turisiti, nanga si mu 2005 UNESCO inazindikira gule wamkulu ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Ineyo ndimaona kuti onse ali ndi mfundo, koma miyuziyamu yakunja ikafuna kubwereka chigoba kuti ikachionetse, oyamba kufunsidwa akhale mafumu ndi akumadambwe, osati kalata yongosainirana ma ofesi ku Lilongwe.