Mwana akufuna kuuluka ndi ndege yopanda injini: mafunso amene makolo amafunsa

Ana a ku Chelstone ndi Avondale mu Lusaka amakula akuona ndege zikutsikira ku Kenneth Kaunda International Airport. Wina akanena kuti akufuna kudzayendetsa ndege, kholo limathamangira kuwerenga ndalama za sukulu, mtima n'kugwa. Komatu m'mayiko ambiri achinyamata amayambira pa glider, ndege yopanda injini, kudzera m'mapologalamu a achinyamata. Nazi zimene makolo amafunsa kawirikawiri.

Popanda injini, imanyamuka bwanji?

Imakokedwa. Pena ndege ina yaing'ono imaikoka ndi chingwe mpaka m'mwamba, kenako woyendetsa glider amamasula chingwecho. Pena amagwiritsa ntchito makina okulunga chingwe amene ali kumapeto kwa bwalo, ndipo glider imakwera mamita mazana angapo pasanathe mphindi imodzi. Njira yachiwiriyi ndiyo yotsika mtengo, n'chifukwa chake makalabu a achinyamata amaikonda.

Nanga ikamasulidwa, sigwa?

Imatsika pang'onopang'ono. Glider yophunzitsira ya mipando iwiri, monga ASK 21 ya ku Germany, imayenda mamita oposa 30 kutsogolo pa mita imodzi imene yatsika. Chimene mwana amaphunzira ndi kupeza mpweya wokwera. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wotentha umakwera, ndipo woyendetsa amazungulira mkati mwake n'kukwera nawo, monga zimachitira nkhwazi ndi miimba osakupiza mapiko. Kamvuluvulu amene mumamuona m'minda ya ku Chongwe mu Okutobala ndi chizindikiro cha mpweya womwewo. Pamwamba pake nthawi zambiri pamabadwa kamtambo koyera kosalala kunsi, ndipo wodziwa amadumpha kuchoka pa kamtambo kena kupita pa kena kwa maola ambiri. Nyengo ya kum'mwera kwa Africa ndi yabwino zedi pa masewerowa: anthu amachoka ku Ulaya kudzauluka ku Bitterwasser m'dziko la Namibia, ndipo mpikisano wa dziko lonse lapansi wa mu 2001 unachitikira ku Mafikeng, South Africa.

Mwana amayamba ali ndi zaka zingati?

Zimatengera malamulo a dziko. Ku America ndi ku Britain, mwana wa zaka 14 akhoza kuuluka yekha mu glider mphunzitsi akakhutira naye. Ku America laisensi ya glider imaperekedwa pa zaka 16. Kukwera ndi mphunzitsi kumayamba msanga kuposa apo, bola mwanayo afikire zopondera ndipo malamba amugwire bwino. Akakhala wopepuka kwambiri amaikamo zitsulo zowonjezera kulemera kutsogolo. Kuno kwathu, za malaisensi a oyendetsa ndege zili m'manja mwa Zambia Civil Aviation Authority, ndiye funso la zaka mukalifunse kumeneko.

Mapologalamuwo amayenda motani?

Ku America, bungwe la anthu okonda za ndege la EAA linayambitsa Young Eagles mu 1992: ana a zaka 8 mpaka 17 amakwezedwa ndege yaing'ono kwaulere kholo likasaina chilolezo, ndipo ana oposa 2 miliyoni anakwerapo. Ku Britain, a Air Training Corps, gulu lophunzitsa achinyamata za ndege, amakhala ndi maulendo olawitsa mu glider. Ulendo woyamba mwana amakhala kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, aliyense ndi ndodo yake yowongolera. Akafika pamwamba mphunzitsi amamusiyira ndodo kwa kanthawi.

Koma tsiku lambiri limathera pansi. Ana amakankha ndege, kugwira phiko ponyamuka, kulumikiza chingwe ndi kulemba nthawi. Ine mbali imeneyi ndiyo ndimaiona yofunika kwambiri, chifukwa mwana wongofuna chithunzi cha pa Facebook amaonekera pomwepo.

Si zoopsa?

Ngozi zimachitika, tisanamizane. Koma kutera popanda injini, kumene kwa ena ndi tsoka, kwa mwana wa glider ndi phunziro la tsiku lililonse. Alibe mwayi wobwereza, choncho amaphunzira kuyeza kutalika ndi liwiro ndi maso. Mu 1983 Boeing 767 ya Air Canada inatha mafuta ili m'mwamba. Woyendetsa wake, Bob Pearson, anali wozolowera glider, ndipo anaitsitsa ku Gimli m'dziko la Canada osafa munthu.

Ndiye kholo la mu Lusaka liyambire pati?

Masamu, sayansi ndi Chingerezi, pakuti ndicho chilankhulo cha pa wailesi ya ndege. Pitani naye ku ZASTI, sukulu ya za ndege imene ili pa bwalo la Kenneth Kaunda, akamve za maphunziro amene alipo. Amene muli ndi abale ku South Africa, makalabu a glider kumeneko ali pansi pa Soaring Society of South Africa. Musanalipire kalikonse, funsani kuti muone laisensi ya mphunzitsi, mapepala osonyeza kuti ndegeyo inayenderedwa, ndi inshuwalansi.